Mayina a M'kope la Bambo Jacinto

Mutu 6

1. Kope la chikuto chakuda

Bambo Jacinto sanali munthu wokana, koma sanalinso munthu wopereka chinthu msanga. Ukawabwereka khasu ankayamba akufunsa kuti ukalima pati, munda ndi wa yani, ubweza liti, mpaka iwe wekha nkunena kuti basi, ndikabwereka kwina. Choncho mwana wawo Délcia atawapempha kope lawo la chikuto chakuda, anadziwiratu kuti Lamulungu lonse lathera pomwepo.

Anali pakhonde kwawo ku Zóbuè, akusankha mbatatesi zopita kumsika wa pamsewu. Délcia anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankaphunzira za makompyuta pa sukulu ina ya ntchito ku Moatize. Ntchito yomaliza ya maphunzirowo inali yoti aliyense apange tsamba la pa intaneti lonena za kwawo. Anzake anasankha za mpira, za nyimbo, wina za golosale ya amalume ake. Iye anasankha kope.

Kopelo linali ndi mbiri. Pa nthawi ya nkhondo a Jacinto anathawira ku Malawi pamodzi ndi anthu ambiri a m'mapiri amenewa, nakhala kumsasa wa othawa kwawo ku Mwanza mpaka mtendere wa 1992. Poti ankadziwa kulemba, ndiwo ankalemba aliyense womwalira kumsasako: dzina, mudzi wa kwawo, tsiku, ndi malo amene anaikidwa. Munali mayina 214. Mpaka chaka chimenecho cha 2014 anthu ankabwerabe kuchokera kutali kudzafunsa kuti amayi awo anagona pati. Délcia ankafuna kuti anthu otere azipeza abale awo osavutika ndi ulendo.

A Jacinto anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anaponya mbatatesi yowola kubwalo.

"Khala bwino, iwe Délcia," anatero. "Iwe unabadwa mfuti zitaleka kulira, ndiye ukaona dzina papepala umangoona zilembo. Ife tinaona zina. Chaka cha 1986, kumudzi kwathu kuseri kwa phiri ili, kunabwera anthu a mfuti atanyamula pepala. Sanafunse kuti wolakwa ndani. Ankangowerenga. Amene dzina lake latchulidwa ankaimirira, nkumutenga. Ndipo pepalalo silinalembedwe ndi mdani ayi. Analemba ndi mlembi wa pamudzi, munthu wabwinobwino, polemba anthu oti alandire mbewu ya chimanga. Iye ankati akuthandiza. Anthu khumi ndi mmodzi sanabwerenso."

"Ababa, nkhondo inatha."

"Inatha, inde, tithokoze Mulungu. Koma kope ili ndikamalitsegula pano, ndimaona nkhope ya amene akufunsa. Ndimadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, ndimuuze. Uyu sindikumudziwa, ayambe wamwa madzi tikambirane. Nanga makina akowo adzaona nkhope ya yani? Tenga kope, chifukwa kushikola ndinakutumiza ndine. Koma umvetsetse. Dzina lililonse muno lili ndi eni ake amoyo. Lisatuluke ngakhale limodzi eni ake asanalione ndi maso awo nkuvomera. Ukaphwanya zimenezi usadzandifunsenso kanthu ka kumsasa."

Délcia analonjeza. Analonjeza msangamsanga, monga achitira achinyamata akaona kuti chimene akufuna chili kale m'manja, osaganiza kuti lonjezolo adzalisunga bwanji.

2. Lamulo la pabolodi

Aphunzitsi a Anselmo sankabwereza mawu. Ankanena kamodzi, nkulemba pabolodi, nkukuntha choko m'manja, nkhani yatha. Lolemba m'mawa analemba zinthu zitatu. Tsamba likhale pa intaneti pofika Lachisanu. Likhale ndi nkhani zosachepera makumi atatu. Wopereweza alandira ziro, ndipo wa ziro satifiketi asaiyembekezere.

Kalasi yonse inkagwirira ntchito pa servidor ya sukulu, kompyuta yaikulu yosunga masamba kuti aliyense wa intaneti awaone. Ukangolemba chinthu nkudina, chatuluka. Wa ku Maputo wachiona, wa ku Joni wachiona. Ngakhale zimene sunatulutse sizinali zobisika, chifukwa mawu achinsinsi olowera, amene ankawatcha senha, anali amodzi kalasi yonse. Délcia anaimika mkono.

"Sinyoro pulofesolo, ine ndimati ndimange kaye tsamba langa m'kati mwa kompyuta yanga, losalumikiza kwina kulikonse. Ndikawaonetse eni mayina. Amene avomere, ndiwo ndidzaike pa servidor."

A Anselmo anavula magalasi.

"Menina Délcia, mtsikana iwe, njira imeneyo ndinaphunzitsa tsiku limodzi mu Meyi, theka la inu mukuwodzera. Ndi yabwino, sindikukana. Koma ndi poyambira, si pothera. Tamvera ndikuuze, ndipo nonse mumve. Ndaphunzitsapo atsikana anzeru kuposa iwe, amene lero akugulitsa madzi ozizira pamsewu chifukwa anagwa kutatsala sabata imodzi. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka. Makampani a malasha akamalemba ntchito safunsa chifukwa. Amafunsa sertifikadu. Masiku anayi sungayende m'midzi kupempha chilolezo kwa mabanja mazana awiri. Sintha mutu. Lemba za mbatatesi za kwanu, nkhani makumi atatu, Lachisanu upambane."

Kalasi inaseka. Anyamata a kumbuyo, amene theka la masamba awo linali zithunzi zokopera kwina, ndiwo anaseka kwambiri.

"Sindisintha, sinyoro pulofesolo."

"Ndiye lamulo waliona pabolodi."

"Ndaliona."

Anayankha molimba. Miyezi isanu ndi inayi ya maphunziro inali itatsamira pa Lachisanu limenelo, ndipo iye ankadziwa.

3. Khomo nambala 80

Ku Moatize Délcia ankakhala kwa azakhali ake, a Felicidade, kudera lotchedwa 25 de Setembro. Iwo anali telala, ndipo makina awo osokera ankakhala pakhonde tsiku lonse. Masana amenewo Délcia anayala mphasa pambali pawo natsegula laputopu yake yakale, yogulidwa kwa munthu wina wa kumgodi amene ankabwerera kwawo.

Kuti tsamba liyende m'kompyuta imodzi yokha pamafunika zinthu zitatu, ndipo iye anazikopera zonse pa fulashi asanachoke kusukulu. Choyamba ndi servidor yaing'ono, yoti laputopuyo izidzitumikira yokha. Chachiwiri ndi nkhokwe, mosungira zolemba zonse. Chachitatu ndi pulogalamu yoyendetsera tsamba, imene munthu amalemberamo nkhani, kuzikonza, ndi kusankha yoti ituluke ndi yoti idikire.

Anaika zoyamba ziwirizo. Nkhokwe inayatsa kanyali kobiriwira. Servidor inayatsa kofiira. Anadinanso, kofiira. Kachitatu laputopu inalira ngati chigayo, nkuzima yokha, yotentha kosagwirika.

"Wapha chinthu," anatero a Felicidade, osasiya kuponda makina.

"Sichinafe, Tiya. Chabanika. Ndibwerekeni kaburashi kanu."

Anamasula kachivundikiro ka pansi nayamba kutsuka ndi kaburashi kochotsera ulusi m'makina. Munatuluka fumbi lakuda bii, lomwe lija la malasha limene limadetsa zovala pachingwe ku Moatize konse. A Felicidade atayetsemula anamuuza kuti akachitire uve wakewo kutali ndi nsalu za eni. Délcia anasanjika laputopu pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzipita pansi, nayatsanso.

Kanyali kanali kofiirabe. Ulendo uno anasiya kudina mwaukali nawerenga timawu ting'onoting'ono tolembedwa pansi pake, timene poyamba ankangotilumpha. Tinkanena kuti khomo nambala 80 lagwidwa kale ndi pulogalamu ina. Servidor imalandirira alendo pakhomo limenelo, koma mwini laputopu wakale anasiyamo pulogalamu yoimbira abale ake akutali, ndipo inkadzuka yokha nkukhala pakhomopo. Délcia anafufuza m'kope lake la m'kalasi, masamba a mu Meyi. Iye tsiku limenelo sanawodzere. Anatsegula failo ya malamulo a servidor, napeza 80 malo awiri, nasintha kukhala 8080. Atayatsanso, kanyali kanabiriwira.

Anakuwa mpaka nkhuku za oyandikana nawo zinabalalika.

"Ndiye wapambana chiyani?" anafunsa azakhali. "Intaneti yake ili kuti? Modemu ndaiona ili m'mbale muja."

"Siikufunika, Tiya. Tsambali likhala muno mokha. Lizioneka ndendende mmene lidzaonekere kunja, koma woliona ndi yekhayo amene waima pamaso pa laputopuyi. Chikalakwika ndikonza muno, palibe adziwe."

A Felicidade anaimitsa phazi.

"Aa, ndiye ndi mmene ndimachitira ine ndi diresi la mkwatibwi. Ndimangogwirizira ndi ulusi wautaliutali, mwini wake ayese, anene pomuthina. Makina ndimaponda pambuyo. Nanga pulofesolo wakoyo amaponda asanayese? Abwere kuno ndimuphunzitse."

Délcia anatsegula nkhokwe yatsopano naitcha kuti mayina. Anaika pulogalamu yoyendetsera tsamba m'chikwatu chake, nalemba adiresi pamwamba: localhost:8080. Mawu akuti localhost amatanthauza kompyuta ino yomwe. Pulogalamu inafunsa dzina la nkhokwe ndi senha. Analemba, ndipo inakana kuti siikutha kulowa m'nkhokwe. Anabwereza, inakananso. Theka la ola linatha akutukwana makina osalakwa, asanazindikire kuti zala zake zinazolowera kulemba senha ya kusukulu. Atalemba yoyenera, panatuluka tsamba loyera lopanda kanthu, lodikira mwini wake.

Lachiwiri ndi Lachitatu, akaweruka, ankakhala pamphasa pomwepo kulemba. Dzina lililonse linali nkhani payokha, ndipo lililonse analisunga ngati lodikira, osati lotuluka. Poyamba ankathamanga. Atafika pa masamba a chaka cha kolera, pamene tsiku limodzi panali ana asanu, wina wa miyezi iwiri, chisoni chinamugwira ndipo analemba pang'onopang'ono. A Felicidade anaona, napitiriza kusoka.

4. Lachinayi kutchalitchi

Lachinayi Délcia sanapite kusukulu. Anakwera chapa choyamba, minibasi ya ku Zóbuè, laputopu ataikulunga m'chitenje naifungatira pamiyendo. Kutentha kwa Moatize kunatsala m'mbuyo, ndipo pofika m'mapiri anthu anali akutseka mawindo.

Lachinayi ndi tsiku limene amayi amasonkhana kutchalitchi, ndipo a Jacinto anali atatumiza uthenga. Mapemphero atatha, amayi pafupifupi makumi awiri anatsalira pakhonde la tchalitchi. Palibe amene anamwetulira. Woyamba kulankhula anali Mayi Laurinda, amene amuna awo anatsala m'manda ku Mwanza.

"Iwe mwana wa Jacinto, tamva kuti akufa athu wawaika pa wailesi."

"Ayi, Amayi. Sanapite kulikonse." Délcia anazimitsa foni yake naipereka kwa bambo ake. Anatembenuza laputopu mbali zonse kuti aone kuti palibe modemu. "Ali muno mokha, monga analili m'kope. Ndabwera kuti muone ndi maso anu. Mukati atuluke, atuluka. Mukati ayi, sindifunsa chifukwa."

"Nanga tikati atuluke lero, mawa tasintha maganizo?"

"Ndidzachotsa. Koma ndikuuzeni zoona, chimene chatuluka kale wina akhoza kukhala atachikopera. Nchifukwa chake ndikufunsa lero, osati mawa."

Mayi Laurinda anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pabenchi. Délcia analemba dzina la amuna awo, tsamba nkutuluka. Iwo sankadziwa kuwerenga, choncho mtsikanayo anawawerengera zonse, mpaka mzere wa manda ndi mtengo wa m'bawa umene unali pafupi. Gogoyo anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Mudzi walakwitsa. Kumeneko ndi kwa amayi awo. Konza." Délcia anakonza iwo akuona. "Tsopano atuluke. Ana awo a ku Beira aja aone kuti bambo awo sanatayidwe kutchire."

Atatero iwo, enanso anayandikira. Koma musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Ambiri anati akafunse kaye alongo awo, chifukwa za maliro mkazi sagamula yekha. Awiri anakaniratu, ndipo mmodzi mwa iwo ananyamuka osatsazika. Pofika masana Délcia anali ndi mayina khumi ovomerezedwa. Ankafunika makumi atatu.

5. Bambo a Rebeca

Amayi atabalalika, panafika njinga yamoto. Anali Bambo a Rebeca, amene ankanyamula matumba a mbatatesi a anthu kupita nawo kumsewu. Délcia anawadziwa kuyambira ali wamng'ono, koma monga zikhalira kwathu, munthu wamkulu amaitanidwa ndi dzina la mwana wake. Dzina lawo lenileni sanalimvepo.

"Ndamva kuti muli ndi amayi anga m'bokosimo," anatero akuseka. "Tafuna a Zuze."

Délcia analemba Zuze. Panatuluka mayina awiri. Loyamba linali la mayi amene anamwalira mu 1990. Lachiwiri linali Raúl Zuze, wa zaka khumi ndi zinayi, womwalira pa 3 Okutobala 1987.

Kuseka kunathera pomwepo.

"Ndi mchimwene wanu, Tiyu?" anafunsa Délcia, akuwaitana ngati amalume.

"Ndine."

A Jacinto anagwira pakamwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitadutsa, ndipo anali ataiwala. Anayang'ana uku ndi uku, naona kuti pakhondepo atsala atatu okha.

"Muuze ndiwe, Raúl."

A Raúl anakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Anthu a mfuti ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinakhala nawo chaka. Zimene ndinaona ndi zimene anandichititsa, usandifunse. Nditathawa ndinafika kumsasa, koma iwo anali ndi makutu konsekonse, ndipo wothawa sankamusiya. Anatumiza anthu kudzafunsa. Bambo akowa ndiwo anandilemba pakati pa akufa. Anakumba manda, nkuikamo thunthu la nthochi, amayi anga nkulira maliro pamaso pa anthu onse, ine nditabisala m'nkhokwe ya eni kumudzi wina. Ofunsawo anawaonetsa kope, anawaonetsa mtumbira, anabwerera. Ndi mmene ndinakhalira moyo."

Kenako mawu awo anakwera.

"Mkazi wanga sadziwa. Rebeca sadziwa. Iye amadziwa kuti bambo ake anathawa nkhondo monga aliyense. Ndipo Rebeca foni sachoka nayo m'manja. Akanaona izi akanandifunsa kuti, Papá, munafa bwanji? Ndikanamuyankha chiyani? Zafika kuti zimenezi? Tanena, ndani waona?"

"Palibe, Tiyu. Ine ndekha polemba, ndi inu tsopano."

"Kushikola kwanu?"

"Sizinafikeko."

"Pulofesolo wako?"

"Ngakhale iwo. Sizinatulukepo muno."

"Fufuta."

Délcia anafufuta iwo akuona. Anatsegulanso malo amene zofufutidwa zimakadikira, nachotsa komweko. Kenako analemba Zuze kachiwiri, ndipo panatuluka dzina limodzi lokha. A Raúl anapuma mozama. Anati la amayi awo lokhalo lituluke, chifukwa mayi amene analira maliro abodza kuti mwana wake apulumuke sayenera kuiwalika. Anakwera njinga yawo napita, matumba a mbatatesi osawakumbukira.

Mayina anakwana khumi ndi limodzi.

Popita kokwerera chapa, a Jacinto ankayenda chogwetsa nkhope.

"Ndinakuopseza ndi pepala la mlembi uja, osadziwa kuti langa lomwe lili ndi minga. Ndipo si Raúl yekha. Alipo ena awiri kapena atatu amene tinawalemba chotero. Ndayesa kukumbukira njira yonseyi, mayina sakubwera. Ndiye mawa uchita bwanji kushikola?"

"Ndiika khumi ndi limodzi."

"Akufuna angati?"

"Makumi atatu."

Bambowo anaima. Chapa chinali chitafika kale ndipo kondakitala ankamenya chitseko.

6. Lachisanu

Délcia anafika m'kalasi anzake asanabwere. Anasankha mayina khumi ndi limodzi aja, nawasamutsa kuchoka m'laputopu kupita pa servidor ya sukulu. Zinayenda bwino kamodzi nkamodzi, chifukwa zolakwika zonse anali atakumana nazo kale pamphasa.

A Anselmo ankayenda desiki ndi desiki, buku la mamaki m'manja. Tsamba la mpira linali ndi zithunzi zosatseguka. La golosale linazimiririka dzulo lake mwini wake atadina polakwika, ndipo mnyamatayo anali atalimanganso mothamanga. Onse anali ndi nkhani makumi atatu, ndipo onse anapambana. Atafika pa Délcia anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi laukhondo. Ndi labwino kuposa onse muno. Nkhani zingati?"

"Khumi ndi imodzi, sinyoro pulofesolo."

"M'laputopumo muli zingati?"

"Mazana awiri ndi khumi ndi zitatu."

"Ndiye vuto lili pati? Sankha khumi ndi zisanu ndi zinayi, samutsa. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Ndiima pano ndikudikire."

"Eni ake sanavomere."

A Anselmo anatsitsa mawu, ndipo sanalankhule mwankhanza.

"Menina, ndikulankhula ngati kholo. Anthu amenewa anamwalira iwe usanabadwe. Sankha a m'midzi yakutali, amene abale awo sadzaona nkomwe. Lolemba ukafuna udzawachotse. Ine ndikungofuna nambala yokwana kuti ndilembe nota m'buku la mamakili. Ndikakukhululukira iwe, ndiwauza chiyani anzakowa? Lamulo ndinalemba pabolodi aliyense akuona. Usataye chaka chathunthu chifukwa cha masiku atatu. Udzalira, ndipo amene ukuwatetezawo sadzadziwa nkomwe kuti unawachitira kanthu."

Kalasi yonse inali itatembenuka. Mtsikana wa pambali pake anamutsina pamkono nanong'ona kuti angodina. Délcia anaimirira.

"Dzulo ndapeza chinthu m'mayina amenewa chimene chikanapweteka munthu wamoyo. Sindinganene kuti ndi chiyani. Zilipo zina zotere, ndipo sindikudziwa kuti zili pa dzina liti. Ndikasankha khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndikusankha nditatsinzina. Sindidina, sinyoro pulofesolo."

A Anselmo anatsegula buku. Analemba ziro pa mzere wa Délcia, yozungulira bwinobwino, iye akuona. Misozi inabwera, ndipo anaisiya itsike osabisa nkhope. Zinamupweteka kwambiri.

Belu litalira anzake anatuluka mwakachetechete. Délcia ankakulunga laputopu m'chitenje pamene anazindikira kuti aphunzitsi sanachoke. Anali ataima pawindo, atafulatira.

"M'mayina amene sanatulukewo," anatero osatembenuka, "alipo a ku Nkondezi?"

"Alipo."

"Tafuna Inocência Bulande."

Délcia anamasula chitenje, nayatsa laputopu, nadikira tinyali tiwiri tibiriwire. Analemba dzinalo. Panatuluka nkhani imodzi. Anaiwerenga, ndipo m'malo motembenuzira laputopu kwa aphunzitsi, anaikokera kwa iye.

"Ndinu ndani wawo?"

A Anselmo anatembenuka. Palibe wophunzira amene anawafunsapo funso ndi mawu otero, ndipo kwa kanthawi zinkaoneka ngati akalipa.

"Ndine mwana wawo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anandisiya kwa amalume ku Tete, iwo nkuwoloka malire ali oyembekezera. Anati adzanditenga zinthu zikakhala bwino. Sitinamvenso kanthu."

Apo Délcia anatembenuza laputopu. Aphunzitsi anavala magalasi nawerama. Panali dzina, mudzi, ndi tsiku la mu Febuluwale 1988. Pansi pake panali mawu amene mtsikanayo anawakopera m'kope Lachitatu osawaganizira: Anasiya khanda lamoyo, lalikazi. Funsani Jacinto.

Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Anakoka mpando wa wophunzira nakhalapo, buku la mamaki lili pamaondo, lotsegula pa tsamba lomwe lija.

"Jacinto ameneyu ndi ndani?"

"Ndi bambo anga."

"Chapa choyamba cha ku Zóbuè chimanyamuka nthawi yanji?"

Délcia anawauza. Iwo anagwedeza mutu, natseka buku, ziro ili momwemo.

"Mawa undidikire pokwerera," anatero. "Kwanu sindikudziwako."